Nyali ya check engine yayaka, kompyuta ikuti EGR: vuto lili pati kwenikweni?

Pakati pa eni magalimoto akale pali nkhani ina imene imangobwerezabwereza. Kanyali kachikasu kokhala ndi chithunzi cha injini kayaka pa dashibodi. Galimoto aipititsa kugalaja, aiika pa kompyuta, patuluka khodi yakuti P0401, makaniko n'kunena kuti ndi EGR, valavu yobweza gawo la utsi wa ku ekizozi mu injini. Agula valavu ina, aimanga, khodi aifufuta, nyali yazima. Sabata isanathe nyali ija yayakanso. Apa m'pamene maganizo amagawikana. Wina akuti valavu yogulidwayo inali yachinyengo, wina akuti kompyuta ya galimotoyo yakalamba, wina akuti ingomatani tepi pa nyaliyo poti galimoto ikuyenda.

Kawirikawiri onsewa amakhala aphonya, ndipo gwero la chisokonezocho ndi kusamvetsa chimene khodi imanena. Khodi siloza chipangizo choti chisinthidwe. Imangonena kuti kompyuta inayesa mbali ina ya injini, zotsatira zake n'kusiyana ndi zimene imayembekezera. Chimene chachititsa kusiyanako ndiye chimafuna munthu wofufuza. Pa nkhani ya EGR zokayikitsa zimakhalapo zingapo, ndipo nthawi zambiri valavu imene imathamangiridwayo imakhala yosalakwa.

## Nyaliyo payokha imanena zochepa

Galimoto imene mafuta ake amayendetsedwa ndi kompyuta imakhala ndi masensa, tizipangizo toyeza kutentha kwa injini, kuchuluka kwa mpweya wolowa, kuthamanga kwa injini, mpweya wotsala mu utsi ndi zina zotero. Kompyuta ikalandira muyeso wosayenera imasunga khodi n'kuyatsa nyali. Nyali ndi imodzi, koma makhodi amene angaiyatse alipo mazanamazana, kuyambira pa chivundikiro cha thanki chosatsekeka bwino mpaka pa vuto lotha kupha injini. N'chifukwa chake makaniko, kaya akhale katswiri chotani, sangakuuzeni vuto pongoyang'ana nyali.

Komabe kayakidwe kake kali ndi uthenga. Ikayaka n'kukhala chiyakire, mutha kuyendetsa mosamala mpaka mukafike koyezetsa, bola ngati galimoto sikuonetsa zachilendo zina. Ikamaphethira galimoto ikuyenda, ndiye kuti injini ikumisa kwambiri, kutanthauza kuti silinda ina sikuwotcha mafuta ake. Mafuta osapsawo amakapsera mu catalytic converter, kabokosi ka pa ekizozi koyeretsa utsi, ndipo m'kati mwake mutha kusungunuka. Zikatero chepetsani moto, funani poima. Musaisokonezenso ndi nyali zofiira za oyilo ndi za kutentha kwa injini. Izo zikayaka, injini izimitsidwe pompo.

Chinanso chimene chimabalalitsa anthu ndi kuyaka n'kuzima kwa nyaliyi pa masiku osiyana. Pa zolakwika zambiri, kuphatikizapo za kayendedwe ka utsi wa EGR, kompyuta siyatsa nyali ikangoona vuto kamodzi. Imadikira kuti lionekenso pa ulendo wotsatira. Vutolo likapanda kuoneka pa maulendo atatu otsatizana, nyali imazima yokha, koma khodi imatsalira m'kompyutamo kwa nthawi ndithu. Choncho nyali yoyaka lero, kuzima mkucha, n'kudzayakanso sabata yamawa, ikungosonyeza vuto limene lili pamalire, nthawi zina kupambana mayeso, nthawi zina kulephera.

Kwa amene akugula galimoto yogwiritsidwa kale ntchito: mukapotoza kiyi musanalize injini, nyali ya check engine iyenera kuyaka limodzi ndi zinzake, n'kuzima injini ikalira. Ngati siyaka n'komwe, babu linapsa kapena wina analichotsa dala.

## Kuwerenga khodi kumadalira zaka za galimoto

Dziko la United States linalamula kuti magalimoto ang'onoang'ono ogulitsidwa kumeneko, kuyambira a chaka cha 1996, akhale ndi dongosolo limodzi lodziyezera lotchedwa OBD-II. Ku Ulaya lamulo lofanana nalo, la EOBD, linafika pa magalimoto a petulo mu 2001 ndi pa a dizilo mu 2004. Magalimoto oterewa ali ndi soketi ya mabowo 16, kawirikawiri pansi pa dashibodi kufupi ndi chiwongolero. Makina owerengera alipo amitundumitundu, kuyambira akuluakulu a m'magalaja mpaka kachipangizo ka mtundu wa ELM327 kolumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth. Magalimoto ena akale opangidwira msika wa m'dziko la Japan ali ndi soketi yomweyi koma samvana ndi makina ena ang'onoang'ono. Makina akakana kulumikizana, musafulumire kunena kuti kompyuta ya galimoto yafa.

Khodi ya OBD-II imakhala ndi chilembo chimodzi ndi manambala anayi. P akuimira injini ndi giya. Nambala yoyamba ikakhala 0, khodiyo ili ndi tanthauzo limodzi pa magalimoto a makampani onse, ndipo ikakhala 1 ndi ya kampani imeneyo yokha. Nambala yachiwiri ikakhala 4, nkhani ili ku zipangizo zochepetsa utsi woipa, kumene kuli EGR. P0400 imati utsi sukuyenda moyenera m'njira ya EGR. P0401 imati ukudutsa wochepa, P0402 imati ukudutsa wochuluka. P0403 ndi vuto la magetsi pa mawaya kapena pa chipangizo chotsegula valavu, P0404 imati valavu sikufika pamene yauzidwa kufika, pomwe P0405 ndi P0406 zimati magetsi ochokera ku sensa ya EGR atsika kapena akwera kupyola malire. Mutha kuona kale kuti atatu oyambawo akukamba za utsi, enawo akukamba za magetsi ndi kasunthidwe ka valavu. Awa ndi mavuto awiri osiyana ndipo safufuzidwa mofanana.

Magalimoto akale kuposa pamenepa, kampani iliyonse inali ndi njira yakeyake, ndipo ambiri amatchula khodi pogwiritsa ntchito nyali yomwe ija. Pa Toyota zambiri za nthawi imeneyo mumatenga kawaya n'kulumikiza timabowo tiwiri tolembedwa TE1 ndi E1 m'kabokosi koyezera, mumapotoza kiyi, kenako mumawerenga kuphethira kwa nyali. Ikaphethira kasanu ndi kawiri, n'kupuma, n'kuphethira kamodzi, imeneyo ndi khodi 71, ya EGR. Pa Honda za nthawi yomweyo khodi ya EGR ndi 12, pa General Motors ndi 32. Musalumikize mabowo mongoganizira. Onani kaye buku la galimoto yanuyo, chifukwa kuphonya bowo kutha kuwotcha fuyuzi kapena kompyuta imene.

Musanafufute chilichonse, lembani makhodi onse. Pa OBD-II kompyuta imasunganso mbiri ya mmene injini inalili pa mphindi imene vuto linagwidwa: inkathamanga bwanji, inali itatentha kufika pati, galimoto inali pa liwiro lanji. Mbiri imeneyi amaitcha freeze frame, ndipo imafufutika limodzi ndi khodi. Makaniko wofulumira kufufuta wataya umboni umene ukanamufupikitsira ntchito.

## N'chifukwa chiyani injini imapumanso utsi wake?

EGR ndi chidule cha mawu akuti exhaust gas recirculation, ndiko kubweza gawo la utsi wa ku ekizozi kuti ulowenso mu injini. Womva koyamba amadabwa, ndipo ali ndi chifukwa: injini imafuna mpweya woyera, nanga kuidyetsa utsi n'kofuniranji?

Mwa magawo 100 aliwonse a mpweya umene timapuma, pafupifupi 78 ndi nayitirojeni ndipo 21 ndi okosijeni. Injini imangofuna okosijeni. Nayitirojeni amalowa n'kutuluka osachita kanthu, pokhapokha moto wa mu silinda ukatentha kupyola madigiri pafupifupi 1,370. Pamenepo amagwirana ndi okosijeni n'kupanga mipweya yotchedwa NOx. Imeneyi imapweteka mapapo, imakulitsa mphumu, imathandiza kupanga chifunga chautsi m'mizinda ikuluikulu ndiponso mvula ya asidi. Mlandu waukulu wa kampani ya Volkswagen mu 2015, pamene zinadziwika kuti magalimoto ake a dizilo ankanamiza makina oyeza utsi, unali wa NOx yomweyi.

Njira imodzi yochepetsera NOx ndi kuufewetsa motowo pang'ono. Taganizirani makala oyaka kwambiri mukawawaza phulusa pang'ono. Phulusa linapsa kale, silingayakenso, koma limatenga malo n'kuyamwa kutentha, ndipo motowo umayaka mofatsa. Mukathira lambiri umazima. Utsi wa EGR umagwira ntchito yomweyo mu silinda, ndipo nkhani yonse yagona pa muyeso. Pa injini ya petulo utsi wobwezedwa umakhala magawo 5 mpaka 15 mwa 100 a zolowa mu silinda. Pa dizilo utha kufika pafupifupi theka injini ikamagwira ntchito yopepuka. Njirayi inayamba kuoneka pa magalimoto kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970.

Pa petulo palinso phindu lina limene ambiri salidziwa. Moto wofatsawo umaletsa kugogoda kwa injini, kumene kumachitika petulo akamadziphulikira yekha nthawi yake isanakwane. Injini zambiri zinakonzedwa powerengera kuti utsi wa EGR ulipo, ndipo ukasowa zimayamba kugogoda.

Valavu ya EGR ndiyo khomo pakati pa ekizozi ndi manifodi, paipi yanthambi yogawira mpweya ku masilinda. Pa petulo khomoli limakhala lotseka injini ikakhala yozizira, lotseka pa idle, pamene injini ikungolira galimoto itaima, lotsekanso mukaponda moto mpaka pansi. Limatseguka injini itatentha, mukuyenda liwiro lokhazikika. Pa dizilo limatseguka nthawi yaitali, ngakhale pa idle, ndipo limatseka mukafuna mphamvu zonse. Gwiritsitsani zimenezi, chifukwa zizindikiro zonse za vuto la EGR zimachokera pa khomo lotseguka kapena lotseka pa nthawi yolakwika.

Mavalavu akale amatsegulidwa ndi vakyumu, mphamvu yokoka imene imakhalapo m'manifodi injini ya petulo ikamayamwa mpweya. Dizilo ili ndi pampu yakeyake yopangira vakyumu. Kapaipi ka labala kamatenga vakyumuyo n'kukakoka kachikopa ka labala ka m'mutu mwa valavu, khomo n'kutseguka. Panjira pamakhala solenoidi, kaswichi kamagetsi kamene kompyuta imalolera kapena kuletsera vakyumu. Mavalavu atsopanoko amatsegulidwa ndi kamota kamagetsi ndipo ali ndi sensa youza kompyuta pamene khomo lafika.

## Kompyuta siuona utsi, imangoyerekeza

Apa ndiye pali mutu wa nkhani. Mu njira ya EGR mulibe diso. Kompyuta imadziwa kuti utsi wadutsa kudzera mu umboni wa sensa ina, ndipo kampani iliyonse inasankha mboni yake.

Ford zambiri zakale zili ndi sensa yotchedwa DPFE, yolumikizidwa ndi timapaipi tiwiri ku paipi ya EGR, imene imayeza kusiyana kwa mphamvu ya utsi mbali ziwiri za kabowo kopapatiza. Toyota ndi Nissan zina zili ndi sensa ya kutentha m'njira ya utsiwo: valavu ikatseguka, kutentha kuyenera kukwera. Magalimoto ena, monga a General Motors ndi Honda ambiri, amadalira sensa ya MAP yoyeza vakyumu ya m'manifodi. Kompyuta imatsegula valavu mwadala pamene mwasiya kuponda moto, n'kuona ngati vakyumu yasintha. Dizilo zambiri zimadalira sensa ya MAF yoyeza mpweya woyera wolowa: utsi ukalowa, mpweya woyera uyenera kuchepa.

Ndiye P0401 ikatuluka, tanthauzo lake lenileni ndi lakuti kompyuta inalamula kuti valavu itseguke ndipo mboni inati palibe chasintha. Mwina valavu inakanirira. Mwina inatseguka bwinobwino koma njira ya kuseri kwake yatsekeka ndi mwaye. Mwina vakyumu sinafike chifukwa kapaipi kang'ambika kapena solenoidi yafa. Mwinanso utsi unadutsa ndithu koma mboniyo ndi imene yanama: DPFE yowonongeka ndi chinyezi cha mu utsi, timapaipi take topsa, sensa ya kutentha yokutidwa ndi mwaye, kapena MAF yakuda. Pa zinayi zonsezi khodi ndi imodzi. Valavu yatsopano imathetsa choyamba chokha.

## Mwaye umachokera kuti, ndipo galimoto imadandaula bwanji?

Utsi umanyamula mwaye, makamaka wa dizilo. Pawokha mwaye ndi wouma, koma m'manifodi umakumana ndi nthunzi ya oyilo yochokera m'mimba mwa injini, imene nayo imabwezedwa kuti ikapse. Ziwirizi zikasakanikirana zimapanga phala lakuda lomata, limene limauma n'kukhala gwa. Pa dizilo zoyenda kwambiri, manifodi itha kutsala ndi kanjira kakang'ono pakati. Maulendo aafupi amene injini sifika potentha, kusiya injini ikulira nthawi yaitali galimoto itaima, injini yodya oyilo, mainjekita otha ndi sefa ya mpweya yakuda, zonsezi zimafulumizitsa ntchitoyi.

Kachidutswa ka mwaye kakakhala pa khomo, valavu imalephera kutseka, ndipo utsi umalowa pa nthawi imene sukufunika. Injini ya petulo imanjenjemera pa idle, imazima mukaima pa mphambano, imavuta kulira, koma ikafika pamsewu waukulu imayenda ngati palibe vuto. Dizilo imataya mphamvu n'kumatulutsa utsi wakuda mukaponda moto, poti okosijeni wachepa.

Valavu ikakanirira yotseka, kapena njira ikatsekeka, zizindikiro zimabisala. Pa petulo mutha kumva kaphokoso kachitsulo ka ngwe-ngwe-ngwe pokwera mtunda kapena mukanyamula katundu. Kumeneko ndi kugogoda kuja, ndipo kukapitirira kumawononga mapisitoni. Pa injini zokhala ndi sensa yomva kugogoda, kompyuta imachedwetsa moto wa mapulagi kuti iteteze injini, inu n'kumangoona galimoto yalemera. Pa dizilo mwina simungamve kalikonse, nyali yokha basi.

Pali vuto lina lochititsa chidwi pa injini zimene silinda iliyonse ili ndi kabowo kake ka EGR m'manifodi, monga Honda Accord za kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Timabowo tina tikatsekeka, utsi wonse umakhamukira ku silinda imene kabowo kake katsala, silindayo n'kuyamba kumisa. Mwini galimoto amasintha mapulagi ndi makoilo, chikhalirecho vuto lili m'timabowo.

Dizilo zambiri zili ndi choziziritsira utsi wa EGR chimene m'kati mwake mumadutsa madzi a injini. Chikabooka, madzi a mu redieta amachepa popanda podontha pooneka, ndipo ku ekizozi kumatuluka utsi woyera. Zizindikirozi zimafanana ndi za gasiketi ya hedi yopsa, choncho ndi bwino kuyeza choziziritsirachi asanatsegule injini.

## Kufufuza kuyambire pa zosavuta

Yambani ndi maso. Tsatirani timapaipi tonse ta vakyumu topita ku valavu. Pa galimoto ya zaka 20 labala amakhala atauma, ndipo mng'alu umabisala kunsi kapena pamene kapaipi kalowera. Onaninso ngati wina sanatisinthanitse pokonza zina. Magalimoto ambiri akale ali ndi chithunzi cha kayendedwe ka timapaipiti chomatidwa kunsi kwa boneti. Tsegulani mapulagi a mawaya a pa valavu ndi pa sensa, muone dzimbiri, oyilo kapena waya wopsa pafupi ndi ekizozi.

Kenako pamabwera mayeso amene, m'kuona kwanga, amaposa ena onse pa injini ya petulo ya valavu ya vakyumu. Injini itatentha, ili pa idle, chotsani kapaipi ka pa valavu, lumikizani kapampu ka pamanja kokokera vakyumu, n'kupopa. Mukukakamiza utsi kulowa pa nthawi imene injini singaupirire. Injini ikayamba kutsamwa kapena kuzima, valavu ili bwino ndipo njira ndi yotseguka. Vuto lifunidwe ku solenoidi, ku timapaipi kapena ku sensa. Valavu ikasuntha koma injini osasintha kaliridwe, njira yatsekeka ndi mwaye. Vakyumu ikamathawa, valavu osasuntha, kachikopa kaja kang'ambika, ndipo apa m'pamene kugula valavu kuli ndi maziko. Chenjezo limodzi: mavalavu ena, monga a General Motors ena akale, anapangidwa kuti asasunge vakyumu mpaka utsi wa ku ekizozi utakhala ndi mphamvu, choncho amaoneka ngati akufa ali abwinobwino. Ndipo samalani zala, valavu ya EGR imatentha koopsa.

Valavu ndi njira zikapezeka zili bwino, funso ndi lakuti kodi vakyumu imafika? Makaniko amalumikiza geji pa kapaipi kopita ku valavu n'kukweza injini yotentha. Magalimoto ena salola EGR pokhapokha akuyenda, choncho geji imakokeredwa m'kati n'kukayesa pamsewu. Pa Toyota zakale, pakati pa solenoidi ndi valavu pamakhala kachipangizo kozungulira kolinganiza vakyumu, kokhala ndi kasefa m'kati. Utsi ukakaboola kapena kasefako kakada, khodi imatuluka valavu ili yabwino.

Pa valavu yamagetsi chida ndi makina oyezera aja. Abwino amatha kulamula valavu kuti itseguke, n'kuonetsa manambala awiri: pamene yauzidwa kufika ndi pamene yafikadi. Akasiyana kwambiri, valavu ikukanirira kapena kamota katha. Akafanana koma injini osasintha, ndi njira yotsekeka. Pa dizilo yang'anani muyeso wa MAF: uyenera kutsika valavu ikatseguka ndi kukwera ikatseka. Makhodi a magetsi, P0403, P0405 ndi P0406, amafuna mita yoyezera magetsi. Onani fuyuzi, onani ngati sensa ikulandira mavoti 5 ake, onani waya wa ethi. Kutsuka mwaye sikungalumikize waya woduka.

Musanyalanyaze makhodi ena otuluka limodzi ndi a EGR. P0300, ya kumisa kwa masilinda osiyanasiyana, itha kukhala mwana wa valavu yosatseka. P0171, yosonyeza mpweya wochuluka kuposa mafuta, itha kuchokera pa kapaipi kong'ambika komwe kaja.

## Kutsuka

Valavu zambiri zimachira zikatsukidwa. Injini izizire kaye, ndipo mabawuti athiridwe mafuta ofewetsa dzimbiri, chifukwa a ku ekizozi amathyoka msanga. Mwaye umachoka ndi mankhwala otsukira kabuleta ndi kabulashi, koma mankhwalawo asafike pa kachikopa ka labala kapena m'kamota. Mukatha, khomo liziyenda momasuka ndi kutseka kotheratu.

Chimene ambiri amadumpha ndi njira ya kuseri kwa valavu, yolowera m'manifodi. Valavu yonyezimira yomangidwa pa bowo lotsekeka ndiyo imabweretsa nyali ija pakatha sabata. Njirayi imatsegulidwa ndi waya wopindika, ndipo zidutswa zizikokedwera kunja kuti zisagwere mu silinda. Manifodi ya dizilo yodzaza kwambiri imasulidwe n'kutsukidwira pansi. Musapopere mankhwala oyaka m'manifodi ya dizilo ikulira, chifukwa injini itha kuwatenga ngati mafuta n'kuthamanga mosaletseka. Pomanga ikani gasiketi yatsopano. Mavalavu ena amagetsi amafuna kuti makina oyezera aiphunzitsenso kompyuta pamene khomo limatsekera, apo ayi khodi imabwerera ngakhale ntchito yagwirika bwino.

## Nanga kungoitseka?

Nkhani imeneyi imabuka paliponse pamene eni dizilo zakale akumana. Ena amaika kachitsulo kotseka njira ya EGR, kapena kusintha pulogalamu ya kompyuta kuti isamatsegule valavu. Amene amatero amati manifodi imasiya kudzaza mwaye, oyilo amachedwa kuda, ndipo valavu yovutavuta ija amaiiwala. Pa mwaye wa m'manifodi ya dizilo akunena zoona.

Otsutsa nawo ali ndi mfundo zawo. NOx imakwera kwambiri, ndipo opuma mpweyawo ndi anthu a m'mbali mwa msewu. Moto wa mu silinda umatentha kuposa mmene injini inakonzedwera, ndipo pa petulo kugogoda kumayamba. Kachitsulo kokha, kompyuta isanasinthidwe, kamatulutsa P0401 nthawi zonse pa magalimoto oyeza kayendedwe ka utsi, ndipo ena amadzichepetsera mphamvu. Nyali ikakhala chiyakire, vuto lina latsopano likadza simungalidziwe. Malamulo nawo amasiyana: ku United States lamulo la Clean Air Act limaletsa kuchotsa kapena kulemaza zipangizo zochepetsa utsi, ndipo m'mayiko ambiri oyeza utsi galimoto yotere imalephera mayeso. Woganiza zotseka ayambe wadziwa zimene lamulo la kumene ali limanena.

## Nyali yazima, kodi vuto latha?

Kufufuta khodi ndi makina, kapena kuchotsa batire kwa kanthawi, kumazimitsa nyali ngakhale pasanakonzedwe kanthu. Kumafufutanso mbiri ya mayeso amene kompyuta imadzichitira, ndipo imayenera kuwayambiranso. Makina oyezera amaonetsa mayeso amene atha ndi amene sanathe. Malinga ngati a EGR akuoneka kuti sanathe, palibe amene anganene kuti galimoto yachira. Mayesowa amafuna injini yotentha, ulendo wa liwiro lokhazikika, ndipo pa magalimoto ambiri amafunanso kusiya kuponda moto galimoto ili m'giya kwa masekondi angapo. Kuzungulira pafupi ndi galaja sikukwanira. Yendani maulendo awiri kapena atatu otere, kenako muyezenso, n'kuyang'ananso makhodi odikira, aja aoneka kamodzi koma sanayatse nyali. Wogula galimoto akapeza mayeso ambiri asanathe, adziwe kuti makhodi afufutidwa kapena batire lachotsedwa posachedwa.

Mwaye ukabwerera pakangopita miyezi yochepa, EGR ikungolandira zimene injini ikutumiza. Yezetsani mainjekita, onani sefa ya mpweya, tsatirani mmene oyilo akuchepera, ndipo pa injini ya tebo onani ngati oyilo sakudutsa m'mapaipi ake. Onaninso thermostat, kavalavu kosunga madzi mu injini mpaka itatentha. Pa magalimoto akale kamapezeka katakanirira kotseguka kapena katachotsedwa kalekale poopa kutentha. Injini yotere sifika pa kutentha kwake koyenera, imawotcha mafuta ambiri, imapanga mwaye wambiri, ndipo kompyuta itha kukhala milungu osayesa EGR n'komwe.